Funsani Tikuyankheni: Ulendo Ukalephereka, Ubweretseni Pakhomo

Kubindikira kwa masiku 21 komwe boma linati kuyambe pa 18 Epulo 2020 pofuna kuthana ndi mliri wa kolona sikunachitike chifukwa khoti lalikulu linakaniza. Komabe sukulu zinali zotseka chiyambire pa 23 Malichi, ndege zonyamula anthu sizinkatera, ndipo odwala kolona anachuluka kwambiri m'mwezi wa Julaye chaka chimenecho, moti ngakhale mwambo wa pa 6 Julaye unachita kuchepetsedwa. Makalata a ku Mangochi omwe tasankha pano, pamodzi ndi mayankho ake, ndi a mu Julaye 2020, ochokera kwa anthu omwe maulendo awo anafera m'mazira. Ayankha ndi ophika a m'malo ogona alendo, operekeza alendo a ku Cape Maclear ndi ku Monkey Bay, komanso aphunzitsi a madrasa.

FUNSO: Chaka chilichonse ndimapita ndi ana anga atatu kukagona m'tenti ku Chembe. Tenti timabwereka konko. Chaka chino ndikuopa kuyenda nawo. Ndingawakonzere chiyani pabwalo la nyumba? Bambo wa ana atatu, Mpondasi.

YANKHO: Bambo, tenti si nkhani yovuta. Pezani chingwe cholimba cha mamita 5, lona kapena pepala lakuda lochindikala la mamita 3 mulifupi ndi 4 mulitali, ndi zikhomo 6 zamtengo. Chingwe mumange pakati pa mitengo iwiri pa msinkhu wa mita ndi theka. Ngati mitengo palibe, zikani nsungwi ziwiri mozama masentimita 40, iliyonse muikokere kunja ndi kachingwe kake. Lona ikhale pamwamba pa chingwecho mbali ziwiri mofanana. Musaboole pepala kuti mumangirepo, limang'ambikira pabowo pomwepo usiku woyamba. Kulungani kamwala kosalala pangodya, mumange chingwe pakhosi pa kamwalako, kenako mukokere kuchikhomo.

Mdani wanu mwezi wa Julaye ndi mwera. Umachokera kumwera chakum'mawa, choncho mbali imeneyo ikhale yotseka ndi chitenje kapena katoni, khomo liyang'ane kumpoto. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi osati pamwamba. Yambani kuyala pulasitiki, pamwamba pake mkeka, kenako matiresi kapena makatoni awiri osanjikiza. Ambiri amaunjika mabulangete pamwamba n'kuiwala pansi, ndiye ana amathawira m'nyumba isanakwane 2 koloko. Neti ipachikidwe pachingwe chomwecho ndipo m'mphepete mwake mupisike kunsi kwa mkeka. Kuno kunyanja udzudzu sutheratu ngakhale m'chilimwe.

Ichi chokha musachiphonye: mbaula isalowe m'tenti, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo ndi utsi, munthu amangogona osadzukanso. Moto ukhale mamita 3 kuchokera patenti, kumbali yomwe mphepo ikupita, ndipo muuzime ndi madzi musanagone. Sesani pabwalo madzulo, zotsala za chakudya zisagone pafupi, ndipo tsirani phulusa mozungulira ngati kwanu kumadutsa linthumbu. Nsapato muzikutumula m'mawa musanavale chifukwa cha zinkhanira.

Tsiku labwino ndi lomwe mwezi uli mumdima, monga zinalili pa 20 Julaye 2020. Zimitsani magetsi onse akunja ndi mafoni, maso amafuna mphindi 20 kuti azolowere. Mlalang'amba udzaoneka bwino pamwamba. Mu Julaye 2020, dzuwa likangolowa, nyenyezi yowala koposa kum'mawa inali Jupiter, ina yocheperako pafupi nayo inali Saturn, ndipo pakati pa usiku zinkafika pafupi ndi paliwombo. Cha m'ma 4:30 m'mawa Nthanda inkakhala itatuluka kum'mawa. 

FUNSO: Chambo chowotcha cha ku malo ogona alendo a ku Nkopola ndi Makawa chimakhala chofewa mkati, chouma bwino kunja. Changa chimakakamira pawaya, chimada kunja koma mkati chili chachiwisi, nthawi zina chimawawa. Ndikulakwitsa pati? Mayi wa ku Namwera.

YANKHO: Mayi, mavuto atatu mwatchulawa ali ndi magwero atatu osiyana, ndipo tiyambira pogula. Sankhani chambo cha magalamu 400 mpaka 500. Chachikulu kuposa apa chimavuta kupsa mkati pamakala. Maso akhale owala osaphwa, m'mbali mwa mutu momwe nsomba imapumira mukhale mofiira, ndipo mukadina mnofu ndi chala ubwerere msanga. Ku Namwera nsomba imafika itayenda mtunda, ndiye gulani m'mawa ndipo muwotche tsiku lomwelo. Kasawala musagule. Ndi chambo chomwe sichinaswane, ndipo kupha timeneti ndi chimodzi mwa zomwe zinachepetsa chambo m'nyanja ya Malombe.

Kuwawa kumachokera ku ndulu. Mukapala mamba, ng'ambani nsomba kuchokera kumsana, mpeni uzitsata fupa kuyambira kumutu mpaka kumchira, kuti itambasuke mimba isanadulidwe. Zam'kati muchotse ndi zala zonse pamodzi, osalowetsa nsonga ya mpeni. Ndulu ikaphulika tsukani pomwepo ndi madzi ambiri, ndipo pomwe pasanduka pachikasu mupadule. Kakhungu kakuda ka m'mimba ndi magazi a m'mbali mwa fupa mupale ndi supuni. Mukatsuka, pukutani nsomba ndi kansalu koyera mpaka iume.

Pa chambo chimodzi sinjani njere 2 za adyo, kambuzi mmodzi ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Onjezani madzi a theka la ndimu ndi supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira. Chekani mizere itatu kukhungu, pakani mbali zonse, musiye mphindi 20 mpaka 30. Kupitirira apo ndimu imayamba kufewetsa mnofu ndipo umayoyoka pamoto.

Kukakamira kumabwera waya akakhala wozizira, nsomba ikakhala yonyowa, kapena mukatembenuza msanga. Waya atenthe kaye mphindi 5 pamoto, mum'pukute ndi theka la anyezi loviika m'mafuta. Kuda kunja ndi ntchito ya malawi. Dikirani makala onse akutidwe ndi phulusa loyera, waya akhale masentimita 12 mpaka 15 pamwamba pake. Ikani dzanja pa msinkhu wa wayayo: ngati mungawerenge mpaka 5 musanalichotse, moto uli bwino, koma ngati mukuthawa pa 2, mwazani makalawo. Yambani ndi mbali ya mnofu mphindi 4 kapena 5, kenako mbali ya khungu mphindi 8 mpaka 10. Tembenuzani kamodzi kokha. Nsomba ikakana kuchoka pawaya isiyeni kaye pang'ono, imadzimasula yokha ikapsa. Yapsa ngati mnofu wa pafupi ndi fupa wayera ndipo ukuchoka mosavuta.

Za tchipisi, chinsinsi cha ophika ndi kukazinga kawiri. Kachewere wodula mokhuthala sentimita imodzi aviikidwe m'madzi mphindi 20, aumitsidwe pansalu, akazingidwe mphindi 6 kapena 7 m'mafuta osatentha kwambiri mpaka afewe koma asafiire. Azizire, kenako abwerere m'mafuta otentha bwino mphindi 2 kapena 3. Mchere muthire pomaliza.

FUNSO: Ndine mphunzitsi. Ndinalonjeza ana anga ndi a mchemwali wanga omwe ndimakhala nawo kuti tidzakwera sitima ya Ilala patchuthi. Ndingawaphunzitse bwanji za ulendowu tili pakhomo osawatopetsa? Mphunzitsi, Monkey Bay.

YANKHO: Aphunzitsi, jambulani nyanja pansi, ndipo muijambule ndi muyeso weniweni. Sentimita imodzi iimire kilomita imodzi. Nyanja ya Malawi ndi yaitali pafupifupi makilomita 580, ndipo pomwe yatambalala kwambiri ndi makilomita 75. Pabwalo ndiye kuti mamita 5 ndi masentimita 80 mulitali, masentimita 75 mulifupi. Mzere muutsire phulusa kuti uoneke. Kumwera nyanja igawike nthambi ziwiri, pakati pake ndi dera la Nankumba, Cape Maclear kunsonga, Monkey Bay kumbali ya kum'mawa. Shire atulukire kunthambi ya kum'mawa kulowa m'Malombe.

Kuyeza moyerekeza kuchokera kumapeto a kumwera, Nkhotakota ikhale pa mita ndi masentimita 70, Likoma pa mamita 2 ndi masentimita 60, Nkhata Bay pa mamita 3 ndi masentimita 10, Chilumba pa mamita 4 ndi masentimita 40. Ana ambiri amaika Likoma pakati pa nyanja. Ali kufupi ndi gombe la Mozambique pamodzi ndi Chizumulu, ndipo pa muyeso uwu Likoma ndi njere imodzi ya mtedza. Kuya kwa nyanja, komwe ndi pafupifupi mamita 700 chakumpoto, sikufika ndi sentimita yomwe. Apatseni ana awerengere okha zimenezi.

Pa ndandanda yake yodziwika, Ilala imanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu, n'kufika ku Chilumba, n'kudzabwerera Lachitatu. Inunso chitani masiku 6. Sitima ikhale ya katoni kapena bango, isunthe doko limodzi kapena awiri patsiku, ndipo pa doko lililonse pakhale nkhani imodzi ndi chakudya chimodzi basi. Mukachulutsa isanduka sukulu. Ponyamuka auzeni kuti Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa pa Monkey Bay pompo n'kuyamba kuyenda mu 1951, ndipo Ilala yoyamba ndi yomwe inafikitsa amishoni a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Pa Nkhotakota nkhani ndi ya a Jumbe ndi zombo zowolotsa akapolo, chakudya mpunga. Pa Likoma ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903.

Pa Nkhata Bay phikani kondowole, koma musam'phike ngati nsima ya chimanga. Alibe phala. Wiritsani makapu 2 a madzi, phulani mphika pamoto, thirani pafupifupi makapu 2 a ufa wa chinangwa wosefa nthawi imodzi, mphika muupanikize pansi, muvundule mwamphamvu mpaka ufa woyera usaonekenso. Madzi akakhala osawira bwino amatuluka wamibulu komanso wachiwisi. Ngati ufa mukupanga nokha ndi chinangwa chowawa, chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku 3 mpaka 5 kufikira chifewe, chiume bwino padzuwa musanasinje. Kufupikitsa kuviikaku n'koopsa, chinangwa chowawa chili ndi poizoni.

FUNSO: Ndimakonda kuona mbuna ku Thumbi ndi ku Otter Point. Ndikufuna kugwira zingapo ndiziweta m'beseni kunyumba. Ndizizidyetsa chiyani? Mnyamata wa Fomu 3, Chembe.

YANKHO: Mwanawe, usayese. Malo watchulawo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Kugwira nsomba m'mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi mlandu. Komanso m'beseni sizingakhale. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala, zimafuna madzi ambiri oyenda okhala ndi mpweya, otentha pakati pa madigiri 24 ndi 28. Beseni limazizira usiku wa mwera, madzi a pampopi ali ndi klorini, ndipo zazimuna zimalimbirana malo mpaka kuphana. Chomwe ungachite ndi kujambula mitundu yomwe ukuikumbukira m'kope, mizere ndi mawanga ake, ndi pomwe unaiona. Lembanso za momwe yaikazi imasungira mazira ndi ana m'kamwa. Operekeza alendo abwino amayamba ndi kope lotere.

FUNSO: Amuna anga ali ku Johannesburg. Tinapangana kuti ine ndi ana tikawaone chaka chino koma malire atsekedwa. Ana akungofunsa za ku Joni. Nditani? Mayi wa ana awiri, Makanjira.

YANKHO: Mayi, South Africa inatseka pa 27 Malichi 2020, ndipo omwe ankabwera pa mabasi kudzera pa Mwanza nthawi imeneyo anali obwerera kwawo, osati oyenda ulendo wokacheza. Njira zachidule musaziganizire n'komwe. Mwayi womwe muli nawo ndi woti nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi. Panganani tsiku ndi ola, muphike chakudya chofanana uku ndi uko, mudye mukuonana pa WhatsApp. Kanema amadya data yambiri, ndiye gulani bandulo ya tsiku limenelo, yesani dzulo lake pomwe netiweki imagwira bwino pakhomo panu, ndipo foni muitsamiritse pachinthu, kuwala kuzichokera kutsogolo kwanu. Mawu akayamba kudukaduka zimitsani kanema mutsale ndi mawu okha. Bambo ajambuliretu timakanema tifupitifupi ta msewu wawo, shopu ndi potsikira mateksi, atumize usiku kuti mudzaonere limodzi.

Chakudya chikhale magwinya ndi chakalaka. Magwinya amasiyana ndi mandasi athu poti shuga ndi wochepa, amafufumitsidwa ndi yisiti, ndi akuluakulu, ndipo amang'ambidwa pakati n'kuikamo ndiwo. Sakanizani magalamu 500 a fulawa, paketi ya yisiti ya magalamu 10, masupuni akulu 2 a shuga, supuni yaing'ono ya mchere ndi kapu ndi theka ya madzi ofunda. Madzi otentha amapha yisiti. Kandani mphindi 10, vundikirani ola limodzi mpaka ufufume kawiri. Nyengo yozizira ino ikani beseni padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Gawani timipira 12, tipume mphindi 15, mukazinge m'mafuta ambiri osatentha mopitirira, mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse. Akafiira m'mphindi imodzi ndiye kuti mafuta atenthetsa ndipo mkati mutsala mwauwisi.

Pa chakalaka, kazingani anyezi mmodzi ndi adyo m'masupuni 3 a mafuta, thirani supuni yaikulu ya ufa wa kale (curry), mutakase mphindi imodzi yokha. Akapserera amawawa, akathiridwa mochedwa amamveka ufa. Onjezani tsabola wobiriwira mmodzi, makaroti 3 opala timizeremizere, tomato 3, mchere ndi kambuzi, ziphike mphindi 10. Ku Joni amathira nyemba za m'chitini, inu thirani kapu ya nyemba zophika kale, zitenthe mphindi 5. Imakoma kwambiri ikazizira.

FUNSO: Assalam alaikum. Ndinasunga ndalama zaka zambiri kuti chaka chino ndipite ku Hajj, koma zakanika. Kodi pali chomwe ndingachite ndi adzukulu anga masiku a Hajj ali mkati? Agogo, Malindi.

YANKHO: Wa alaikum salaam, agogo. Pa 22 Juni 2020 dziko la Saudi Arabia linalengeza kuti Hajj ya chaka chimenecho ichitidwa ndi anthu ochepa okhala m'dzikomo basi, choncho simuli nokha. Tinene poyera kuti Hajj ilibe cholowa m'malo. Zomwe tikufotokoza pano ndi phunziro la adzukulu ndi kukonzekera kwanu, si mapemphero, ndipo a shehe a pamzikiti panu muwadziwitse musanayambe.

Mu 2020 masiku a Hajj anagwa kumapeto kwa Julaye, kutengera kuoneka kwa mwezi. Jambulani mapu pansi kapena pakatoni, moyang'ana ku Qibla, komwe kuchokera ku Mangochi kuli kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 7. Ikani malo anayi motsatana: Makkah, Mina pa makilomita pafupifupi 8, Muzdalifah, kenako Arafat pa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Makkah. Ana amakonda kusokoneza n'kuika Muzdalifah kumapeto, pomwe ili pakati pa Mina ndi Arafat. Tsiku lililonse mdzukulu mmodzi asunthe kamwala. Pa 8 Dhul Hijjah, mwezi wa Hajj pa kalendala ya Chisilamu, ahaji amapita ku Mina. Pa 9 amaima pa Arafat mpaka dzuwa kulowa n'kukagona ku Muzdalifah komwe amatola timiyala. Pa 10 amagenda timiyala 7 pa Jamarat yaikulu (chimodzi mwa zipilala zitatu za ku Mina), kuzinga nsembe, kumeta, kuzungulira Kaaba ka 7 ili kudzanja lamanzere, ndi kuyenda ka 7 pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa. Masiku otsatira amakhala ku Mina akugenda pa Jamarat zonse zitatu.

Ngati pali kanema kapena foni ya intaneti, zochitika za ku Makkah zimaonetsedwa pompopompo, koma kumbukirani kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi. Kusala pa tsiku la Arafat ndi sunna kwa omwe sali ku Hajj, ngati thupi likulola. Nyama ya Eid mugawe pakhomo ndi pakhomo.

Ndalama za ulendo zikhale pazokha, zisalowe m'ngongole za abale. Ngati munalipira kale kwa okonza ulendo, funsani kalata yonena ngati akubwezerani kapena akusungirani malo, malisiti muwasunge. Onaninso tsiku lothera pasipoti, imafunika ikhale ndi miyezi 6 yotsala pa nthawi ya ulendo. Ndipo yambani kuyenda pansi m'mawa uliwonse, mukuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Safa ndi Marwa pokha ndi makilomita oposa 3 mukaphatikiza maulendo onse 7.

FUNSO: Madzi a malambe omwe timagula panjira ya ku Monkey Bay amakhala osalala. Anga amakhala ndi zinyalala ndipo mawa lake asasa. Komanso ndamva kuti amachiza kolona, n'zoona? Mtsikana wa ku Chimwala.

YANKHO: Sachiza kolona, achemwali. Ali ndi vitamini C wambiri, basi. Viikani makapu 2 a malambe m'makapu 5 a madzi owiritsa omwe atsala ofunda, kwa ola limodzi. Musawawiritse pamoto. Tikitani ndi chipande mpaka njere zitsale zakuda, sefani kawiri, koyamba ndi sefa, kachiwiri ndi nsalu yoyera yopyapyala kuti ulusi utsale. Shuga masupuni 4 kapena 5, mulawe. Ngati mukufuna mkaka thirani wozizira pomaliza mukutakasa, wotentha umadukadukamo chifukwa malambe ndi owawasa. Kusasa kumabwera ndi botolo losatsuka bwino ndi kutentha. Tsukani botolo ndi madzi otentha, ndipo ngati mulibe firiji pangani okwanira tsiku lomwelo, botolo mulikulunge nsalu yonyowa pamthunzi.